Woyang'anira Zidendene Zanga

Mapazi anga anayamba kufa ine ndili pa makina. Ndinali telala pakhonde la golosale ina pamsika wa kwathu, kufupi ndi Boma la Mangochi, ndipo anthu ankanditchula kuti a fundi, kutanthauza katswiri. Dzina limeneli sindinalitole pansi. Mkanjo wosoka ine munthu ankauzindikira uli patali, chifukwa khosi lake linkagona bwino ndipo thumba silinkalendewera ngati matumba a anzanga ena a kutsidya kwa msewu amene sindiwatchula pano.

Chinayamba ndi zala za phazi lamanja. Linali dzanzi longa lija limagwira munthu akakhalira mwendo nthawi yaitali, koma ili linkakana kuchoka. Kenako linakwera mpaka m'kakolo, n'kuwolokera kuphazi linalo. Masana ndinkamva ngati ndavala masokosi okhuthala osavulika. Ndikagona m'pamene mapaziwo ankadzuka, kutentha, kubaya, kunyerenyesa, moti nsalu yofunda ikangokhudza chala ndinkatukwana ndekha. Zinkandikwiyitsa kwambiri kuti phazi losamva mwala m'nsapato linkatha kulira chifukwa cha chitenje.

Kuchipatala dokotala anandiuza kuti nditsinzine, n'kumandikhudza ndi thonje uku ndi uku. Anaunika khungu lonse kufunafuna mabanga, anayeza mkodzo ndi magazi. Anati si khate. Anati ndi matenda a shuga amene akuwononga mitsempha, n'kundipatsa mapiritsi pamodzi ndi malamulo. Shuga mu tiyi ayi, kuyenda wopanda nsapato ayi, kuwotha moto ndi mapazi ayi, ndipo mapaziwo aziunikidwa tsiku ndi tsiku chifukwa kabala kakang'ono kakhoza kudulitsa mwendo. Lamulo la tiyi ndilo linandiwawa koposa. Anzanga a ku tiyirumu ataona kuti ndikumwa wopanda shuga anangoti fundi wayamba kuumira, ndipo ine ndinawasiya aziganiza choncho.

Ndinawasiya dala. Kuchipatala amasiyanitsa shuga ndi khate, koma pamsika sasiyanitsa. Kwathu munthu akamva kuti uje samva akaponda munga, mawu amene amabwera pakamwa ndi amodzi basi. Ndinali nditaona zimene zinam'chitikira mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Anangotuluka banga loyera pamkono, mphekesera inayenda, ndipo dengu lake linayamba kubwerera kunyumba lodzaza mpaka mayiyo anasamuka. Nanga telala, amene amagwira nsalu yokakhudza khungu la munthu, amene amazunguliza tepi m'khosi mwa mwana wako? Ndinadziwa kuti nkhani ya mapazi anga ikangotuluka, khonde lija ndalitaya. Mayi a kunyumba okha ndi amene ankadziwa, koma iwo ankakhala kumudzi kwawo cha ku Namwera kumene ndinakwatira, ndi ana ndi munda. Ine ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa golosale, n'kumapita kumudzi mwa apo ndi apo.

Ntchito sindinaisiye ngakhale tsiku limodzi. Makina anga anali opalasa ndi mapazi, ndipo telala aliyense amapalasa wopanda nsapato kuti azimva chopondera. Ine ndinayamba kupalasa nditavala matenesi. Ofunsa ndinkawayankha kuti fundi weniweni amavala nsapato pa ntchito ngati kalaliki wa ku Boma. Phazi likamaterereka ine osadziwa, ndinamangirira kathabwa kuchopondera ndi waya kuti chidendene chizitsamira pamenepo. Kenako ndinaphunzira kusoka ndi khutu. Makina akamayenda bwino amakhala ndi kaliridwe kake, ndipo phazi likasuntha kaliridweko kamasintha msoko usanakhote. Bondo nalo limadziwa kumene phazi lili ngakhale phazilo lisakudziwa. Msoko wanga sunakhotepo, ndipo ndikunena zimenezi mosadzichepetsa chifukwa n'zoona.

Simbi ya makala ndiyo inkandiopsa. Tsiku lina khala linagwera pa tenesi, linabowola nsalu mpaka pakhungu, ine n'kumafunsa mwini golosale kuti kodi akuwotcha chiyani kuseriko. Kuchokera pamenepo ndinkasitira patebulo lakutali, mapazi nditawabisa kuseri kwa bokosi. Madzulo ndinkawaviika m'beseni la madzi a mumtsuko, ozizira bwino, n'kuwapukuta pakati pa zala, n'kuwadzoza mafuta. Kutentha kuja sikunkatha, koma kunkatsika mpaka munthu n'kupeza tulo. Kuunika ndinkaunika ndi kalilole wa makasitomala, koma ndine munthu wa thupi ndipo msana sunkalola kupindika. Kuseri kwa chidendene ndi pansi pa zala kunali dziko limene sindinkafikako.

Zaka zimenezo n'zimene abale athu a ku Mozambique ankalowa kuthawa nkhondo. Ambiri anali Ayao anzathu, ongosiyana nafe malire. Ena anakhala kumisasa, ena anamwazikana m'midzi mwa achibale, ena anatsikira kunyanja kudzafuna ganyu. Pakhonde panga ankabwera ndi mabulangete olandira kuti ndiwasokere majekete, ndi zovala za kaunjika zazikulu zofunika kubweza. Mmodzi mwa iwo anali bambo wina wamtali, wowonda, wochokera cha ku Mandimba, amene ankagulitsa nkhuni zosenza pamutu. Sitinkacheza. Ndinkangomudziwa chifukwa cha buluku lake limene ndinaliika zigamba mpaka buluku lenilenilo linasowa.

Malo amodzi okha ndi amene ndinkavula nsapato pagulu, ndiwo kumzikiti. Kumeneko ulibe chonamizira. Umasiya nsapato pakhomo, umasamba mapazi, n'kukaima pamzere. Ashehe amaphunzitsa kuti poswali, popemphera paja, maso aziyang'ana pamene mphumi ikagwere, osati uku ndi uku. Koma pamene mphumi yako ikagwere ndi pafupi ndi zidendene za munthu wa patsogolo pako, ndipo iye akagwada n'kugunditsa nkhope pansi, mapazi ake onse amakutembenukira. Palibe amene amazinena, koma mumzikiti aliyense amadziwa ming'alu ya kuphazi kwa mnzake.

Lachisanu lina titamaliza swala, ndikuwerama kuti nditole matenesi anga, wina anandigwira pamkono. Anali bambo wa nkhuni uja.

"A fundi, musavale kaye. Tiyeni kuseriku."

"Buluku libwere mawa, achimwene. Lero sindisoka."

"Si buluku ayi. Tiyeni."

Ananditengera kuseri kwa thanki ya madzi, n'kundikhazika pa njerwa. Ananyamula phazi langa lamanja n'kuliika pabondo pake ngati ndi lake. Ndisanamukalipire, anatsina pachidendene ndi zikhadabo n'kusolola chidutswa cha singano ya makina, chachitali ndithu, chamagazi. Ndinakumbukira kuti singano inali itandithyokera dzulo lake ndikusoka jekete, ndipo ndinaifunafuna pansi osaipeza. Inali italowa m'tenesi, ine n'kuyenda nayo, kugona nayo, kuswali nayo.

Sindinaope singanoyo. Ndinaopa munthuyo. Chinsinsi chimene ndinachisunga zaka chinali pabondo pa mlendo wogulitsa nkhuni, amene amalowa khomo lililonse pamsika.

"Simunamve," iye anatero. Sikunali kufunsa.

"Sindinamve."

"Ndi khate?"

"Ndi shuga. Anandiyeza kuchipatala. Mukakanena pamsika, achimwene, mwandipha."

Anatunga madzi m'chitini, natsuka pabalapo modekha. Kenako anandiuza kuti pothawa kwawo anayenda m'tchire masiku ambiri, mpaka mapazi a anthu anatupa n'kuleka kumva. Akapuma, aliyense ankaunika mapazi a mnzake, mwamuna a mkazi wake, mkazi a mwana, chifukwa mwini wake sankadziwanso chimene waponda. Apongozi ake aakazi anakana kuonetsa mapazi kwa mkamwini chifukwa cha ulemu. Munga unawalowa, mwendo unatupa, ndipo anawaika m'njira asanaone malire.

"Ine sindinena kwa munthu," anatero. "Koma kuyambira lero ndiziima kumbuyo kwanu."

Anachitadi zimenezo. Swala ya masana ndi ya chakumadzulo tonse tinkaswalira pamzikiti wa pamsika womwewo, ndipo paliponse pamene ndaima, iye ankapezeka kumbuyo kwanga. Sizinali zophweka, chifukwa mzere wa mumzikiti ulibe mwini, umadzaza mmene anthu akufikira. Ndinkamumva akudzipanikiza pakati pa anthu, sikomo, sikomo, mpaka afike pamalo pake. Mkulu wina wa ndevu zoyera anadandaula kuti othawa nkhondo ayamba kulanda ndi malo oswalira omwe. Mnzangayo anapepesa mwaulemu wonse koma sanasunthe.

Tinali ndi kachitidwe kathu. Mapazi akakhala bwino, potuluka ankangondipatsa salamu n'kumapita kunkhuni zake. Akaona kanthu ankati, "A fundi, buluku lija lang'ambikanso," ndiye tinkakumana kuseri kwa thanki. Anapeza thuza limene linabwera ndi tenesi yatsopano. Anapeza mng'alu umene unayamba kufiira. Anapeza thekenya pansi pa chala chaching'ono, n'kulichotsa ndi pini yanga yomwe ataiwotcha pamachesi. Anthu a pamsika ankadabwa kuti buluku limodzi lingang'ambike bwanji kawirikawiri chotere, ndipo ena ankati fundi wayamba kusoka zofooka. Zimenezi zinkandipsetsa mtima kuposa thekenya, koma ndinkameza.

Ankandilamulanso ngati ndine mwana wake. Mchenga wa ku Mangochi dzuwa likakhala pamutu umapsereza, ndiye anandiletsa kudutsa pabwalo la mzikiti wopanda nsapato ngakhale pang'ono. Ankandikumbutsa kukutumula matenesi ndisanavale. Nditamuuza kuti sing'anga wina akuti anditeme mphini m'mapazi kuti dzanzi lituluke, anangondifunsa funso limodzi.

"Ine ndikutseka mabala, inu mukufuna kukagula ena?"

Sindinapiteko. Ndinkamusokera zovala za banja lake lonse, ndipo akafuna kutulutsa kanthu m'thumba ndinkamuthamangitsa pakhonde. Tinakhala choncho zaka zingapo, ndipo m'zaka zimenezo sindinagonepo m'chipatala. Ululu unalipo, dzanzi linakwera mpaka m'katumba, koma ndinkayenda pamsika mutu uli m'mwamba. Ndinkamukonda munthu ameneyu, ngakhale sindinamuuzepo.

Nkhondo itatha kwawoko, malole anayamba kubwera kudzatenga anthu. Tsiku lina anafika pakhonde wopanda nkhuni, n'kukhala pabenchi ya makasitomala.

"A fundi, ife tikupita. Akuti kumudzi kwathu anthu ayamba kulima."

"Pitani bwino. Mukapereke moni kwa otsala."

"Maso angawa ndikupita nawo. Mapazi anu akutsala kuno. Uzani anthu."

Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo unali wosakanikirana ndi chisoni. Ndinamuuza kuti iye n'ngwapaulendo, akalankhula amakwera lole, koma ine ndiyenera kudya pakhonde lomweli mpaka imfa. Ndinamuuza kuti kalilole ndili naye. Iye anati kalilole saona kuseri kwa chidendene, ndipo tonse tinkadziwa kuti akunena zoona. Anati ndisankhe munthu mmodzi yekha mumzikiti, wosunga pakamwa. Ndinayankha kuti munthu wotero pamsika pathu sanabadwe. Anaseka pang'ono, tinagwirana chanza nthawi yaitali, ndipo anapita. Sindinamuonenso.

Ndinadzisamala ndekha kwa miyezi ingapo. Ndinkachita zonse zimene anandiphunzitsa. Koma tikuyandikira Ramazani, kamwala kanalowa m'tenesi yakumanzere n'kukhala pansi pa chala chachikulu, pamalo aja osaoneka. Ndinazindikira chifukwa cha sokosi imene inamatirira povula. Pofika kuchipatala bala linali litazama. Analitsuka, analimanga bandeji yaikulu, ndipo dokotala anandiuza mosabisa kuti ndikadachedwa pang'ono chala chikanapita, mwinanso phazi. Anati phazilo lisaponde pansi kapena kulowa m'nsapato kufikira litapola.

Mayi a kunyumba anatsika kuchokera kumudzi. Maganizo awo anali oti titseke makina, tipite kumudzi mwakachetechete, anthu tiwauze kuti kwagwa matenda a wachibale. Bala likapola ndidzabwerere ndi matenesi anga ngati palibe chachitika. Anali maganizo anzeru, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma ndinadzifunsa kuti ndikadzabwerera, kamwala kotsatira adzakaone ndani? Ndinaona kuti ndikapitiriza kubisa, khonde ndilisunga koma phazi lopalasira ndilitaya, ndipo telala wopanda phazi alibenso khonde. Komanso unali mwezi umene aliyense amafuna chovala chatsopano cha pa Idi. Ine kuthawa mwezi umenewo, kusiyira anzanga a matumba olendewera aja? Ndinakana.

M'mawa mwake ndinatulutsa makina. Phazi la bandeji ndinalisanjika pa mpando poonekera msewu wonse, lamanja ndinaliika pa chopondera, n'kuyamba kusoka. Aliyense wofunsa ndinkamuuza zofanana, mokweza kuti ndi wa pa golosale yemwe amve.

"Mapazi angawa samva. Zaka zonsezi samva. Ndi shuga, si khate, anandiyeza kuchipatala. Mkanjo mwavalawo ndinausoka ndi mapazi omwewa."

Sindinganame kuti zinayenda bwino. Mayi wina, mkazi wa mphunzitsi, anatenga nsalu yake ili yodula kale, anaikulunga m'pepala osaigwira bwinobwino, n'kuwoloka nayo msewu. Mwini boti wina amene ndinkamusokera kuyambira ali mnyamata anandipatsa salamu ataima patali, manja ali kumbuyo. Pofika masana nkhani inali itazungulira msika wonse, ndipo benchi yanga, imene mwezi umenewu inkasowa pokhala, inali mbee. Mayi a kunyumba anakhala pakhomo la kachipinda. Ine ndinkapitiriza kusoka zimene zinatsala. Ena mwa amene anachoka tsiku limenelo sanabwererenso mpaka lero.

Dzuwa litapendeka kunabwera mayi wina wachikulire wa kutsidya kwa mlatho, wodziwika pamsika ponse chifukwa cha pakamwa pake. Ankagulitsa mpunga, ndipo akanena kuti nsomba za uje n'zoola, uje ankabwerera nazo. Chaka chilichonse ankabwera ndi nsalu za adzukulu. Tsikuli anafika ndi nsalu m'khwapa ndi kamtsikana kakang'ono kumbuyo kwake, n'kuima pamasitepe osakwera. Anthu a m'makonde oyandikana anasiya zimene ankachita.

"A fundi, ndamva kuti mwadwala khate."

"Mwamva zabodza, amayi. Ndi shuga."

"Shuga amatsekemera. Uyu wodya mapazi ndi shuga wanji?"

"Kafunseni kuchipatala. Ine ndimasoka, sindiyeza magazi."

Anayang'ana bandeji ija, anayang'ana phazi la pa chopondera, kenako anakwera masitepe.

"Bweretsani manja."

Ndinawatambasula. Anawagwira ndi manja ake, anawatembenuza, anaunika zala chimodzichimodzi ngati akusankha chambo. Anakwinya malaya anga mpaka m'chigongono kufuna mabanga. Kenako ananditsina pachala chapakati ndi chikhadabo, mwankhanza zenizeni.

"Mwamva?"

"Ndamva, ndipo mukabwerezanso ndikubwezerani."

Sanaseke. Anaponya nsalu ija patebulo, n'kutembenukira kamtsikana kaja kamene kanali kataima pansi pa masitepe kakuyamwa chala. Anakagwira paphewa, anakakweza pakhonde, n'kukakankhira pakati pa mawondo anga.

"Muyezeni. Diresi likhale lalitali, akukula msanga ameneyu. Ndipo khosi musalithinitse ngati chaka chatha."

Chaka chathacho khosi silinathine, koma sindinatsutse. Ndinachotsa tepi m'khosi mwanga. Kenako ndinauza mwanayo kuti akweze chibwano, ndipo ndinazunguliza tepi m'khosi mwake msika wonse ukuona.